Moto wa pa Santhe sungadikire galimoto ya mumzinda

Amene anagonapo pa esiteti ya fodya wa fuluu m'mwezi wa Febuluwale kapena Malichi amaudziwa usiku wachisanu wa balani. Masamba asanduka kale achikasu ndipo auma. Chatsala n'kuumitsa mitsempha ya pakati, ndipo kutentha mkatimo kwafika cha m'madigiri 70. Mnyamata wosonkhezera moto ku ng'anjo sanagone mokwanira kuyambira Lolemba. Kenako tsamba limodzi louma limapululuka pa mkangala n'kugwera pa paipi yotentha. Fungo limasintha. Mnyamatayo amachita zimene munthu aliyense wosaphunzitsidwa angachite, kuthamangira kukatsegula chitseko kuti aone chimene chalakwika. Mpweya umalowa, ndipo moto umene umangofuka pansi umalumphira m'mikangala yonse mpaka kudenga.

Zotsatira zake n'zodziwika kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama m'boma la Kasungu. Mfuu imamveka, amayi amathamanga ndi ndowa kuchokera ku mjigo, abambo amathira madzi pa balani limene lapita kale, kapitawo ali pambali kuyang'ana nambala yoti aimbe. Pa nthawi yonseyi palibe amene akuyang'ana chigafa cha udzu chimene chili kumene mphepo ikulowera, chodzaza ndi bale wouma, kapena shedi ya mabelo odinda kale. Mbandakucha, ngongole ya feteleza ndi nkhuni ili pomwepo, fodya woibwezera wasanduka phulusa.

Anthu onsewa analimba mtima ndipo anagwira ntchito mpaka thukuta. Chimene analibe ndi munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene anayamba wayesererapo kuzima moto masana dzuwa likuswa mtengo, wodziwa kuti chitseko chitsekedwe, mabowo a mpweya atsekedwe, nkhuni zichotsedwe mu ng'anjo, ndipo madzi ochepa amene alipowo apite kukanyowetsa nyumba yoyandikana nayo. Ife tikuti munthu ameneyu apezeke pa esiteti iliyonse, pa msika ndi pa sukulu yogonera pompo iliyonse m'dera la Santhe, ndipo kuti zimenezi zitheke pakufunika maphunziro ogwira ndi manja amene anthu wamba angalembetse.

Ena atifunsa kuti bwanji osangolirira galimoto yozimitsa moto. Tiilirire ndithu, koma tione kaye mapu. Magulu okhazikika a ozimitsa moto m'dziko muno ali m'makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso pa mabwalo a ndege monga la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la Chileka. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130. Ngakhale galimoto itaima pa boma pomwepo, thanki yodzaza madzi, mafuta alimo, dalaivala ali maso, iyenerabe kuyenda mpaka pa Santhe, kenako kukhotera m'misewu ya kumaesiteti imene nyengo yootcha fodya imakhala ili matope okhaokha. Balani silidikira zonsezo. Ndipo madzi a m'thanki akatha, kumeneko kulibe mipope yoti galimoto ikamwe. Ndi dambo kapena mtsinje wa Bua basi.

Ngakhale m'mizinda momwe galimotozo zili, mbiri yathu si yonyaditsa. Mu 2014 nyumba yosungiramo katundu ya bungwe loyendetsa zisankho inapsa mu Lilongwe, mapepala ovotera ali momwemo. Mu Disembala 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inanyeka pamodzi ndi mabuku ake, mkati mwa mzinda umene uli ndi ozimitsa moto akeake. Misika yathu ikuluikulu yapsa mobwerezabwereza mpaka ena anayamba kuona kupsako ngati nyengo. Ngati zili choncho pamene pali phula ndi mipope, kuli bwanji ku dambo la kuseri kwa Santhe?

Maiko amene ali ndi ndalama kutiposa anazindikira kalekale kuti boma silingaike wozimitsa moto wolipidwa m'mudzi uliwonse. Ku Germany kuli anthu pafupifupi 1 miliyoni ozimitsa moto mongodzipereka. Masana ndi alimi, amakaniki ndi aphunzitsi, belu likalira amavala zovala zawo. Ku America ozimitsa moto ambiri ndi odzipereka chimodzimodzi. Pafupi pompano ku South Africa, kuyambira 2003 kuli ndondomeko ya Working on Fire imene imatenga achinyamata osowa ntchito n'kuwaphunzitsa kulimbana ndi moto wa m'tchire, ndipo lamulo lawo la 1998 limalimbikitsa eni minda oyandikana kupanga magulu otetezana ku moto. Chofanana m'maiko onsewa n'chakuti wodziperekayo amaphunzitsidwa ndi kuyesedwa asanapatsidwe paipi. Kwathu kuno odzipereka alipo ochuluka, paja timati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Kungoti sitinawaphunzitse kazimidwe kake.

Tikamati maphunziro, pali mtundu wina umene sitikuufuna, ndipo aliyense amaudziwa. Ndi uja wa masiku atatu m'chipinda cha ku malo ogona alendo, wophunzitsa akuloza zithunzi pakhoma, ophunzira akuwerengera alawansi ya tsiku lomaliza. Amene amapitako ndi wapampando wa komiti, mlembi wake ndi mlamu wa kapitawo. Amabwerako ndi setifiketi ndi tisheti. Usiku wa moto onsewa amakhala ali mtulo kwawo, ndipo amene ali pa ng'anjo ndi mnyamata uja amene dzina lake silinalembedwe pa pepala lililonse.

Kuzima moto ndi luso la m'manja ngati kusoka fodya kapena kuwotcherera zitsulo. Taonani botolo lofiira lija limene limapachikidwa pakhoma m'masitolo ndi m'maofesi. Ambiri aliona kwa zaka koma sanalinyamulepo. Sadziwa kuti ndi lolemera, kuti pali kachitsulo koyenera kusolola lisanagwire ntchito, kuti uyenera kuloza patsinde pa moto osati pa malawi, ndiponso kuti ufa wake umatha theka la mphindi lisanakwane. Munthu amene wayamba kuligwira tsiku la ngozi amawazira ufa wonse m'mwamba n'kutsala ndi chitini. Amene analiphulitsapo kamodzi pa bwalo, patsogolo pa mgolo wodulidwa woyaka dizilo, mphepo ili kumsana kwake, saiwalanso. Chimodzimodzi kukwawa pansi pa utsi uli ndi nsalu yonyowa pamphuno, kukoka mnzako wokomoka, kufola mzere wopatsirana ndowa kuti madzi asathere m'njira. Zonsezi thupi liyenera kuziloweza, chifukwa pa nthawi ya mantha mutu suthandiza kwenikweni.

Ndipo maphunzirowo akhale a moto wa kuno. Buku lolembedwera nyumba zosanja silinena kanthu za chigafa. Wophunzira wa ku Santhe ayenera kudziwa chifukwa chimene waya wa sefa amayalidwa pamwamba pa mapaipi a m'balani, kuona paipi yong'aluka nyengo isanayambe, ndi kutalikitsa zigafa kuti chimodzi chikayaka chisayatse chinzake. Ayenera kudziwa kuti petulo wa m'zigubu, amene anadzaza m'makonde ndi kuseri kwa magolosale m'zaka zimene mafuta akhala akusowa, sazimidwa ndi madzi. Madzi amangomunyamula n'kumuyendetsa pansi akuyaka, pamene mchenga kapena dothi zimamukwirira. Mafuta a chiwaya cha tchipisi nawo amaphulika ukawathira madzi, pofunika kungovundikira. Kuzima moto wa mawaya a magetsi kapena batire ya sola kumayamba ndi kuzimitsa magetsiwo. Mu shedi ya pa esiteti mumakhala feteleza ndi mankhwala amene utsi wake ndi poizoni, ndipo mapilitsi ena oteteza chimanga ku anankafumbwe amatulutsa mpweya wakupha akanyowa, choncho wothira madzi mwachisawawa akhoza kudzipha yekha.

Palinso moto wa m'chilimwe, wa osaka mbewa ndi otentha mapesi, umene kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba umadya mitengo ya bulugamu imene alimi anadzala kuti adzaotchere fodya yemweyo. Kulambula njira yotchinga moto, kuutchingira kutsogolo pouyatsira wina, kudziwa pothawira mphepo ikatembenuka, izi akuluakulu ena amazidziwa bwino kuposa wophunzitsa wochokera mumzinda, ndipo ayenera kupatsidwa mpata wophunzitsa nawo.

Tisaiwale wopsayo. M'midzi yambiri bala la moto limapakidwa dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, ngakhale dothi. Achipatala amati madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kuphimba ndi nsalu yoyera, kenako ku chipatala. A Red Cross akhala akuphunzitsa chithandizo choyamba m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndipo gawo limeneli ndi lawo.

Funso la ndalama silovuta monga amalionetsera. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limatolera kwa olemba anthu ntchito K1 pa K100 iliyonse ya malipiro kuti liphunzitse anthu maluso. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, kumene achinyamata akuphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi zamagetsi. Kuika sabata imodzi kapena awiri a kapewedwe ndi kazimidwe ka moto pambali pa maphunziro amenewa sikufuna nyumba yatsopano. M'boma la Kasungu momwemo muli koleji ya zaulimi ya Mwimba, ya bungwe la ARET, kumene kuli mabalani enieni oti munthu angayesererepo. Makampani ogula fodya, amene amachita mgwirizano ndi alimi n'kuwapatsa feteleza pa ngongole, ali ndi alangizi amene amafika pa balani lililonse kukaona ngati pali ana ogwira ntchito kapena mitengo yodzalidwa. Fodya akapsa asanafike ku okushoni ya Chinkhoma, nawonso amaluza. Sitikuona chimene chingawaletse kulipirira mnyamata mmodzi pa kalabu iliyonse ya alimi, ndi kuonjezera pa fomu ya mlangizi funso lakuti pano wophunzitsidwa za moto ndani.

Malamulo aliponso. Kuyambira 1997 dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa malo a ntchito, limene limafuna kuti pakhale zida zozimira moto ndi potulukira pakagwa ngozi, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka ntchito yozimitsa moto m'manja mwa makhonsolo. M'midzi muli kale makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene kawirikawiri amakumbukiridwa pakafika chimanga cha thandizo. Khonsolo ya Kasungu ikhoza kuitana ozimitsa moto awiri kapena atatu a ku Lilongwe, kuwapatsa bwalo la mpira pa Santhe, migolo ndi mabotolo angapo, n'kuyamba.

Achinyamata nawo aone phindu lawo. Setifiketi yovomerezeka ya luso limeneli ndi chinthu chimene munthu angaonetse pofunsira ulonda, ntchito ya pa malo omwetsera mafuta kapena ya m'nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo. Ambiri a ku Kasungu amathera ku Joni. Moto wa pa 31 Ogasiti 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Johannesburg unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi, m'nyumba yodzaza tizipinda ta matabwa yokhala ndi zipata zokhoma. Munthu amene anaphunzira kuyang'ana potulukira asanayale mphasa amapita nacho chidziwitsocho kulikonse.

Chotsala ndi kalembera, ndipo apa ndi pamene zinthu zambiri zabwino zimafera. Mayina asachokere mu ofesi. Afumu ndi makalabu a alimi asankhe amene amakhaladi pamalopo usiku: wosonkhezera moto, mlonda wa pa msika, mayi wogona ndi atsikana ku hositelo, wophika tchipisi, ndi amayi amene amakhala pakhomo pamene moto wa kukhitchini ukuyamba. Pasakhale zofunsa setifiketi ya Fomu 4, pakuti ambiri mwa anthu amenewa alibe, ndipo chiphunzitso chikhale m'Chichewa. Nthawi yake ikhale Ogasiti kapena Seputembala, msika wa fodya ukamatsekedwa, ntchito ya kumunda isanachuluke, udzu uli wouma woti n'kuyesererapo. Ndipo chaka chilichonse mu Januwale, balani loyamba lisanayatsidwe, ophunzira aja akumanenso kwa tsiku limodzi, ayendere mapaipi, adzaze migolo ya madzi ndi mchenga, n'kulemba pakhoma la balani dzina la woti adzutsidwe.