Kuletsa Adriano kugoletsa nayo ndi sukulu

M'matauni ambiri ang'onoang'ono, kuseri kwa msika kapena pafupi ndi depoti ya basi, sipalephera kupezeka kachipinda komwe muli wailesi yakanema yakale, benchi ndi makina a PlayStation 2. Makinawa adatuluka m'chaka cha 2000 ndipo kampani ya Sony idasiya kuwapanga pofika 2013, koma m'malo ena akadali pantchito. Mwa magemu akale a mpira wamiyendo omwe amaseweredwa pamakinawa, yomwe imatchulidwa kwambiri ndi Pro Evolution Soccer 6, yomwe kampani ya Konami idatulutsa mu 2006.

Makolo ambiri akamva za malowa mtima umawawa, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Alipo ana omwe amajomba kusukulu, ena amakathera komweko ndalama yomwe adatumidwa kukagulira mchere. Komabe kuika gemuyi m'gulu limodzi ndi juga nkulakwitsa, makamaka munthu akaonetsetsa zomwe mnyamata wogonja amachita.

Aliyense wongoyamba kumene amathamangira timu ya Inter Milan chifukwa muli Adriano wa ku Brazil, yemwe m'gemuyi adapatsidwa mphamvu yowombera mpira yofika pa 99. Iyeyu akaponya mwendo wamanzere, goloboyi amangoperekeza mpira ndi maso. Ambiri amaiwala kuti pachikuto cha gemuyi ku Britain, pambali pa Adriano padali John Terry, wotchinga kumbuyo.

Mnyamata yemwe wakwapulidwa kangapo ndi Adriano amasiya kudandaula nkuyamba kufufuza. Poyamba amakanikiza batani la X osalisiya kuti wosewera wake athamangire mdani, koma akangodyetsedwa njomba kamodzi, kumbuyo kumatsala pululu. Kenaka amazindikira batani la bokosi lomwe limaitana mnzake wachiwiri kudzathandiza kulanda mpira. Apa amaona kuti anthu awiri akachoka pamalo awo nthawi imodzi, mipata nayo imakhala iwiri. Batani lozungulira, lolowera mdani motsetsereka, limamubweretsera khadi yofiira kapena penate. La makona atatu limatulutsa goloboyi pagolo, ndipo mdani wochenjera amangoukweza mpira kudutsa pamutu pake.

Zikakanika zonsezi amalowa m'gawo losanja timu. Amaika anthu asanu kumbuyo, nkupeza kuti pakati pachepa anthu ndipo Adriano akuwombera ali kutali popanda womusokoneza. Amasankha munthu mmodzi woti azimukakamira paliponse, koma Adriano akapita kumbali, womulonda uja amamutsatira nkusiya khomo lotsegula. Amayesa msampha wa ofusayidi, ndipo akachedwa ndi kamphindi kochepa chabe mdani amatsala yekha ndi goloboyi.

Pamapeto pake ambiri amafika pa nzeru yosaoneka yokoma: kusiya anayi akumbuyo pamzere wawo, nkumayendetsa wosewera wapakati yemwe amaima patsogolo pawo, kutseka njira zopatsirana mpira ndi kudikira kuti mdani alakwitse yekha. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana yemwe wafika apa waphunzira kusintha chinthu chimodzi pakamodzi, kuona zotsatira zake ndi kubwerera m'mbuyo ngati sizidathandize. Aphunzitsi a sayansi amavutika kuti ana agwire khalidwe lomweli m'kalasi.

Nzoona kuti gemu si bwalo la zamasewero. Chala chachikulu sichituluka thukuta, ndipo makina ali ndi zofooka zake zomwe osewera okhazikika amaziloweza nkumazigwiritsa ntchito. Koma funso la yemwe atuluke kukakumana ndi mdani ndi yemwe atsale ndi lomwelo lomwe aphunzitsi a matimu akuluakulu amagona nalo. Mu 2004 timu ya Greece, pansi pa mphunzitsi Otto Rehhagel, idatenga chikho cha maiko a ku Ulaya itagonjetsa France, Czech Republic ndi Portugal, masewero onse atatu ndi chigoli chimodzi kwa duu. Ambiri adati mpira wake udali wosasangalatsa, koma chikho chidapita ku Athens.

Amalawi nawo akudziwa kuwawa kwake. Pa mpikisano wa chikho cha Africa ku Angola mu 2010, Flames ya Kinnah Phiri idaswa Algeria 3-0, ndipo ikadangofanana mphamvu ndi Mali pamasewero otsiriza a m'gulu ikadapitirira. Mphindi zitatu zoyambirira zisadathe, Frederic Kanoute ndi Seydou Keita adali atagoletsa kale, ndipo masewerowo adathera 3-1. Chikhalirecho m'mabwalo a m'madera mwana aliyense amafuna kusewera kutsogolo, ndipo kumbuyo kumaponyedwa yemwe ali wamtali kapena wochedwa kufika. Aphunzitsi a matimu a ana angachite bwino kufunsa anyamata awo zomwe adapeza pagemu, nkukaziyesa ndi mpira weniweni pafumbi.

Chomwe chimaononga zonsezi ndi kubetcha. Ana awiri akaikirana ndalama pamasewero, palibenso yemwe angayerekeze kuyesa njira yatsopano. Aliyense amakanganira Inter, amathamangitsa mpira kwa Adriano, ndipo wogonja amatuluka ndi mkwiyo ndi ngongole. Malamulo a dziko lino saloleza mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo kubetcherana m'kachipinda ka magemu ndi juga ndithu ngakhale ndalama yake ikhale yochepa.

Choncho eni malowa akuyenera kuletsa kubetcha poyera ndi kubweza mwana aliyense wobwera nthawi ya sukulu, kaya wavala yunifolomu kaya waibisa m'chikwama. Makomiti a misika ndi a sukulu ali ndi mphamvu yokhala nawo pansi eni malowa pankhaniyi. Makolo nawo apereke tsiku ndi nthawi yosewera, monga Loweruka masana ntchito zapakhomo zikatha, ndipo tsiku lina bambo kapena mayi akalowe m'kachipindako, akhale pabenchi, afunse mwanayo chifukwa chomwe waikira anthu anayi kumbuyo osati asanu.