Ku Bwandilo amamudziwa dzina, nanga kutchalitchi?

Chimene chimakokera amuna athu ku Bwandilo kapena pa Kamba si kukoma kwa Green kapena Kuche Kuche kokha ayi. Mowa womwewo atha kugula n'kukamwera kunyumba, koma amasankha kubala. Akangolowa, wogulitsa amamutchula dzina, mpando waukoka, botolo lozizira lafika, mpira uli pa TV, kanyenya akununkhira. Akasowa masiku awiri, anzake amamuimbira foni. Inde, malipiro amathera pomwepo, ana n'kugona ndi njala. Koma ife, munthu akasowa masabata atatu, amamufunafuna ndani? Abale, kudzudzula mowa kokha sikubweza munthu. Lamulungu likubwerali, mlendo mumufunse dzina, mumusunthire pabenchi, mkati mwa sabata mumuimbire foni. Wamva anene Amen!