Wakuuza Ndani?

Funso loyamba limene maphunziro a Chisilamu amafunsa munthu wobwera ndi nkhani ndi lakuti: wakuuza ndani? Imam Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, anatha zaka pafupifupi 16 akusanja Hadith za m'buku lake. Sankalandira mawu asanadziwe anthu amene anapatsirana mawuwo kuchokera kwa Mtumiki (SAW), aliyense dzina lake ndi khalidwe lake. Mndandanda umenewu ndiwo isnaad. Lero m'nyumba zathu, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira, mwalowa mphunzitsi wopanda isnaad, ndipo ife tamuyalira mkeka.

Tikunena mapulogalamu a pa foni onga ChatGPT, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu Novembala 2022. Makina otere amaphunzira pomeza zolembedwa za pa intaneti: za maulamaa ndi za mbuli, za okonda Deen ndi za oinyoza, zonse mumphika umodzi. Chimene amatolamo ndi mmene mawu amatsatirana kawirikawiri. Motero bodza lolembedwa kambirimbiri likhoza kulemera kuposa choonadi cholembedwa kamodzi.

Vutoli ndi lakale. M'chaka cha 2010, akatswiri a pa Carnegie Mellon University ku America anayambitsa pulogalamu yotchedwa NELL, yoti iziwerenga intaneti usana ndi usiku n'kumatola mfundo payokha. Itakumana ndi liwu la Chingerezi lakuti cookies, lomwe limatanthauza mabisiketi komanso timafayilo ta m'kompyuta, inaika timafayiloto m'gulu la zophikaphika, ndipo kulakwako kunabala zolakwa zina mpaka anthu anachita kuiwongolera. Za mabisiketi tikhoza kuseka. Za talaq, za zakaat ndi za kugawa chuma cha masiye sitingaseke, pakuti yankho lopotoka limapasula banja ndi kulanda gawo la mwana wamasiye.

Ena akuti makina a masiku ano amayankha mwanzeru, mwinanso kusonyeza tsamba limene atengapo yankho. Koma tsamba si mboni, ndipo makinawa amatha kupeka dzina la buku ndi nambala ya Hadith mosaphethira. Amathanso kusakaniza madhhab. Ambiri a ife kuno kunyanja timatsata Imam Shafi'i, amene anaphunzitsa kuti mwamuna akakhudzana khungu ndi mkazi wake, udhu waonongeka. Kwa Imam Abu Hanifa suonongeka. Shehe wa pamzikiti pathu amadziwa madhhab athu, amalidziwa banja limene likufunsa, ndipo akalakwitsa tikhoza kumubwerera. Foni tikaifunse kuti?

Makinawa atithandize kulemba kalata, kuwerengetsa phindu la usipa ndi kuphunzira Chingerezi. Chigamulo cha Deen chokha tisachitenge kumeneko. Surah Al-Hujuraat, ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani yobwera ndi wosadalirika tisanachitepo kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanati tizifunsa aliyense. Mwana akabwera ndi fatwa ya m'foni, makolo timufunse funso la Bukhari, kenako tipite naye kwa shehe.