Lendi ya Pakamwa Yatikwana

Mwana wina wa pa madrasa pathu kuno ku Nchalo adajomba masiku anayi otsatizana. Tsiku lachisanu adatulukira wopanda kope, maso ali psuu ndi tulo. Nditamufunsa, adayankha motsitsa mawu kuti kwawo sakugona, akuchezera kulondera katundu chifukwa eni nyumba adazula chitseko n'kupita nacho. M'dera la udzudzu ngati lino, m'nyumba muli mayi ndi khanda, munthu wamkulu ndi nzeru zake adanyamula hamala kukachotsa chitseko pofuna kukumbutsa anthu ngongole ya lendi.

Madzulo ake ndidapita kukamva mbali zonse ziwiri, pakuti eni nyumbayo ndi bambo a mwanayo amaima pa mzere umodzi mumzikiti Lachisanu lililonse. Bambo a mwanayo adati khoma la kuseri litagwa ndi madzi a namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, iwo adagula njerwa ndi simenti n'kulipira mmisiri, atagwirizana kuti ndalamazo zidzachotsedwa pa lendi. Eni nyumba adati iwo adangovomereza zokonza, za kuchotserana sadazitchulepo. Mboni yokhayo idali dobadoba amene adawalumikiza pachiyambi, ndipo iyeyo adali atasamukira ku Blantyre, foni yake yosapezeka. Ndidakhala pakati pa anthu awiri, aliyense akulumbira m'dzina la Allah, popanda ngakhale kapepala kotiweruza. N'kutheka kuti padalibe wonama. Aliyense adasunga m'mutu mawu amene adamukomera.

Chimene ndikutsutsana nacho ndi mawu amene timawakonda kwambiri m'chigwa muno, akuti kulemberana n'kusakhulupirirana. Mawuwa amamveka aulemu, koma ntchito yake ndi kupatsa mphamvu amene ali nazo kale. Pamene palibe cholembedwa, wopambana pa mkangano amakhala amene ali ndi loko ndi hamala, kapena amene angathe kuthawa usiku ndi katundu wake pa njinga.

Kwina kulikonse lendi ya pakamwa ndi yoopsa, koma kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ndi msampha weniweni. Tidaona madzi osefukira mu Januwale 2015, tidaona Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, kenaka Freddy. Nyumba zambiri za lendi n'zomangidwa ndi zidina kapena njerwa zomata ndi dothi, ndipo madzi akangozungulira maziko khoma limakhala pansi. Funso lakuti wokonza ndani silobwera mwangozi kwa ife; limabwera pafupifupi dzinja lililonse. Madzi omwewo amathamangitsa mabanja ku Makhanga ndi m'midzi ya m'mbali mwa Shire kupita kumtunda, ku Bangula, Ngabu ndi Nchalo, kumene amakalimbirana zipinda ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi odula nzimbe. Ofuna nyumba akachuluka, ena mwa eni nyumba amaona tsoka la anzawo ngati nyengo yokolola.

Sindikunena kuti lendi isamakwere. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti ndi malata zidakwera nazo. Boma siliika mtengo wa lendi pa nyumba za anthu wamba. Mtengo ndi wa awiri ogwirizana. Koma kugogoda pa 28 n'kunena kuti pa 1 lendi yakwera, amene sakufuna atuluke, kumeneko n'kugwira munthu pakhosi.

Malamulo a dziko lino ali ndi mfundo zitatu zimene eni nyumba aliyense ayenera kuzidziwa asadagule loko. Yoyamba, mgwirizano wa pakamwa wa lendi ya mwezi ndi mwezi ndi mgwirizano ndithu, koma majisitireti amaweruza potengera umboni, ndipo wodandaula wopanda umboni amabwerako chimanjamanja ngakhale choonadi chili mbali yake. Yachiwiri, nyumba yolipiridwa mwezi ndi mwezi imafuna notisi ya mwezi wathunthu munthu asadatulutsidwe, ndipo wokhalamo nayenso ayenera kupereka notisi yomweyo akafuna kuchoka. Yachitatu, eni nyumba si khoti. Gawo 28 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limateteza katundu wa munthu kuti asalandidwe mwachisawawa, ndipo limateteza nyumba ya mwini pamodzi ndi matiresi a wochita lendi. Gawo 41 limapatsa aliyense ufulu wopita ku bwalo la milandu. Njira ya wofuna ndalama zake kapena nyumba yake ndi imeneyo. Amene wasasula denga, wazula chitseko kapena watsekera mapoto a anthu m'nyumba angathe kulowa m'khoti ngati wodandaula n'kutulukamo ali wolipira chipukutamisozi.

Ife Asilamu tilibe pothawira pa nkhaniyi. Mabuku a fiqh ali ndi mutu wathunthu wa ijaarah, ndipo mfundo zake n'zomveka bwino. Lendi ndi mtengo wa phindu la nyumba, choncho mtengowo ndi nthawi yake ziyenera kudziwika kwa onse awiri kuyambira pachiyambi. Kukonza makoma ndi denga ndi udindo wa mwini nyumba. Nyumba ikagwa moti singakhalike, lendi ya nthawi imeneyo palibe, chifukwa phindu logulidwalo palibe. Wokhalamo ndi wosungitsidwa chinthu cha mwini: salipira chimene chagwa ndi madzi, koma amalipira chimene waononga mwadala kapena mosasamala. Ndipo ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, imakamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Oyamba kulandira langizo limeneli adali Maswahaba, anthu okhulupirika kuposa ine ndi inu. Iwo sadalione ngati chipongwe. Nanga ife tikudziyesa ndani pamene tikukwiya mnzathu akatulutsa cholembera?

Eni nyumba asaganize kuti ndawatenga ngati afisi onse. Ndikudziwa amayi amasiye amene zipinda zitatu za kuseri ndiye munda wawo, fizi ya ana ndi mankhwala zimachokera pomwepo. Ndikudziwanso ochita lendi amene amadya miyezi inayi ndi malonjezo, kenaka n'kusowa m'bandakucha atasiya ngongole ya madzi ndi mawindo osweka. Ameneyo wadya za mwini, ndipo kusamukira ku Dyeratu sikufafaniza ngongole pamaso pa Allah. Pepala limateteza mayi wamasiyeyo koposa wina aliyense, chifukwa alibe mphamvu zolimbana ndi munthu, koma ali ndi chokaonetsa kwa nyakwawa ndi kwa majisitireti. Alipo ena amene amakana kupereka lisiti poopa kuti a MRA angawadziwe, popeza ndalama za lendi zimawerengedwa pa msonkho. Amenewa anene chilungamo kuti akuopa msonkho, asamabise manthawo m'mawu a ubale.

Za madobadoba ndinenapo mosapsatira. Kulumikiza wofuna nyumba ndi mwini nyumba ndi ntchito yovomerezeka, ndipo woichita moona ayenera malipiro ake. Koma ambiri mwa iwo alibe ofesi kapena kaundula, ndipo palibe amene amawafunsa. Amalandira ya kuonetsa nyumba, n'kulandiranso kwa mwini popanda mbali inayo kudziwa. Ena amaonetsa chipinda chimodzi kwa anthu atatu, aliyense n'kupereka ndalama yogwirira. Langizo langa ndi lalifupi: lendi isaperekedwe m'manja mwa dobadoba. Onanani ndi mwini nyumba maso ndi maso, funsani kwa nyakwawa ngati nyumbayo ilidi yake, ndipo malipiro a dobadoba atchulidwe onse atatu ali pomwepo.

Chofunika si loya kapena chidindo cha mtengo wapatali. Tsamba limodzi la kope likwanira. Palembedwe maina a onse awiri, mtengo wa lendi ndi tsiku lolipira, kutalika kwa notisi yokweza lendi kapena yotuluka, wolipira madzi ndi mayunitsi a magetsi, ndalama yachikole ngati ilipo ndi mmene idzabwezedwere. Koposa zonse, kuno kwathu palembedwe za madzi osefukira: khoma likagwa wokonza ndani, wokhalamo akakonza ndalama zake zibwerera bwanji, ndipo lendi iima liti. Mboni ziwiri zisaine, wosadziwa kulemba adinde chala, aliyense asunge pepala lake m'pulasitiki pamodzi ndi chitupa cha unzika. Wolipira pa Airtel Money kapena Mpamba asafufute mauthenga. Makomiti a mizikiti angathe kukonza pepala lotere m'Chichewa ndi m'Chisena n'kuliika poti aliyense, Msilamu ndi wosakhala Msilamu, atengepo. Kutero n'kosavuta kuposa kuyanjanitsa anthu amene atukwanizana kale.

Chitseko chija chidabwezedwa akuluakulu atagamula kuti mtengo wa khoma ugawidwe pakati. Palibe amene adakhutira. Banjalo lidasamuka mwezi wotsatira, mwana uja adasiya kubwera ku madrasa chifukwa cha mtunda, ndipo amuna awiriwo lero amaima kumapeto osiyana a mzere. Zonsezi zidataika chifukwa cha mizere isanu imene sidalembedwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mitambo isadayambe kuda ku mapiri a Thyolo, khalani pansi ndi amene mudachita naye lendi, muitane mboni ziwiri, mulembe.