Dziko lachitatu lilibe nanu ngongole

Ndiloleni lero ndilankhule mosapsatira, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Pa msonkhano wathu wathawu, titatha kudya, ndidakhala pagulu la anzanga amene tonse tidapitirira zaka 50. Nkhani idali imodzi: tikakalambira kuti? Bambo wina adati iye watopa ndi chisanu ndi misonkho ya ku Britain kuno, akupita ku Dubai kukagwira zaka zake zomaliza. Mayi wina adati akufuna ku Australia chifukwa anamwino amalipidwa bwino. Wachitatu adatulutsa foni nkutionetsa nyumba za m'mbali mwa nyanja ku Cape Town. Onse adaombera m'manja. Ine ndidangoti chete, chifukwa maganizo anga adali kwa bambo anga.

Bambo anga adachoka ku Ntcheu m'chaka cha 1958, nthawi ya chitaganya, kupita ku Salisbury. Adali mnyamata wanzeru ndipo adasankha bwino malinga ndi nthawi imeneyo, chifukwa ku Nyasaland kudalibe ntchito pomwe ku Southern Rhodesia kudali mafakitale, migodi ndi mafamu. Adagwira ntchito pafakitale ina kwa zaka 39, akudulidwa ndalama ya penshoni mwezi ndi mwezi. Ife tidabadwira ku Highfield, ngakhale ine adanditumiza kwa agogo ku Ntcheu kuti ndikaphunzire. Atapuma mu 1997 abale adawauza kuti abwerere kumudzi. Iwo adakana. Adati nyumba ili kuno, chipatala chili kuno, penshoni ikubwera, kumudzi ndikatani? Panthawiyo palibe akadawatsutsa.

Mu 2001 boma la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina adayenera kukana unzika winawo motsata malamulo a dzikolo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, pamodzi ndi ana awo obadwira konko, adapezeka ali ndi chitupa cholembedwa kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Mu 2005 kudabwera Murambatsvina, ndipo lipoti la bungwe la United Nations, lolembedwa ndi mayi Anna Tibaijuka, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena njira yopezera ndalama. Zipinda ziwiri zakuseri zomwe bambo ankachititsa lendi zidagumulidwa chaka chimenecho. Pofika 2008 penshoni yawo ya mwezi wathunthu siinkakwana kukwerera minibasi kupita mtauni kukaitenga. Kumayambiriro kwa 2009 dzikolo lidafika posindikiza ndalama yapepala ya $100 trillion, kenaka lidasiya ndalama yakeyo nkuyamba kugwiritsa ntchito ndalama za maiko ena. Thukuta la zaka 39 lidathera pamenepo. Adamwalira mu 2010 akudya ndalama zomwe ine ndinkatumiza kuchokera kuno. Malamulo atsopano a dzikolo a mu 2013 adabwezera unzika kwa ana obadwira konko a makolo ochokera m'maiko a SADC, koma bambo anga adali atagona kale.

Sindikunena izi kuti ndinyoze Zimbabwe, dziko lomwe lidandibala ndi kundidyetsa. Ndikufuna muone kuti munthu amene adakhala m'dziko zaka 52, wolankhula Chishona ngati mwini wake, adatha kusanduka mlendo ndi cholembera cha munthu mmodzi. Nanga inu amene mukufuna kukafika kwa eni ake muli ndi imvi kale, mudzakhala ndani kumeneko?

Mfundo yanga ndi iyi. Munthu wa zaka 50 amene ali kunja ali ndi maiko awiri omudziwa: lomwe lidamubala, ndi lomwe wakhala akulikhomera msonkho. Maiko awiriwa ali naye ngongole, kaya yochepa kaya yambiri. Dziko lachitatu lilibe naye ngongole iliyonse. Limafuna manja ake akadali ndi mphamvu, ndipo malamulo ake adalembedwa motero poyera, kungoti ife sitiwerenga.

Tiyambe ndi achimwene a ku Dubai aja. Nzoona, kumeneko malipiro sadulidwa msonkho ngati kuno. Koma chilolezo cha wantchito wamba chimamangirizidwa ku ntchito yakeyo; ntchito ikatha, masiku okhalira m'dzikomo amayamba kuwerengedwa. Mlendo salowa mu penshoni ya boma, amangolandira ndalama ya kamodzi pomaliza kontrakiti. Chilolezo cha opuma pantchito chilipo, koma ndi cha anthu okhala ndi chuma kapena nyumba yodula. Tsono mukagwira zaka 8, maondo nkuyamba kukana, mudzalowera kuti? Mukati mubwerere ku Britain, kumbukirani kuti ngati mulibe pasipoti ya kuno ndipo muli ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale chija, chimafa mukakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana. Anthu ambiri sadziwa zimenezi mpaka atafika pabwalo la ndege.

Achemwali a ku Australia, ndikufunseni: mwaona malire a zaka? Maviza ambiri a ntchito opatsa munthu ufulu wokhazikika kumeneko amafuna wosakwana zaka 45. Eni ake adawerengera kale kuti munthu wofika ali ndi zaka 55 adzadya zambiri kuchipatala kuposa zomwe adzapereke pamsonkho. Ku Canada penshoni ya okalamba imafuna kuti mukhale m'dzikomo zaka zosachepera 10, ndipo kuti muziilandira muli kunja pamafunika zaka 20. Ku America nako pamafunika pafupifupi zaka 10 za ntchito yodulidwa msonkho kuti muyenere penshoni ya boma. Paliponse wotchi imayambira pa ziro tsiku lomwe mwafika, kupatula pomwe pali mgwirizano wapadera pakati pa maiko. Munthu wa zaka 30 ali ndi nthawi yodikira wotchi imeneyi. Ife tilibe.

Ndipo pochoka kuno mukusiya chiyani? Penshoni ya boma la Britain imafuna zaka zosachepera 10 za National Insurance kuti mulandire kalikonse, ndipo kwa ambiri pamafunika zaka 35 kuti mulandire yonse. Ine ndidafika mu 2003. Ndikagwira mpaka zaka 67, mu 2034, ndidzakhala ndi zaka 31 zokha. Ambiri a ife tidafika mochedwa choncho. Chaka chilichonse chomwe mungakagwire kwina osasonkha kuno chikhoza kudula ndalama yomwe mudzadye mpaka kumanda.

Tsopano nkhani ya Cape Town. Apa pali msampha womwe wakola ngakhale azungu eni ake. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka ndi chaka ngati mukukhala ku Britain, m'maiko a European Union ndi ena oyandikana nawo, kapena m'maiko ena omwe ali pa mgwirizano monga America, Jamaica, Mauritius ndi Philippines. Koma mukakakhala ku South Africa, Australia, Canada kapena New Zealand imauma pomwe idali tsiku lomwe mudachoka kapena kuyamba kulandira. Mayi wina wa ku Britain wokhala ku South Africa, Annette Carson, adakadandaula kukhoti za nkhaniyi. Adagonja ku House of Lords mu 2005, nkudzagonjanso kukhoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu mu 2010. Taonani kusiyana kwake: mu 2016 penshoni yathunthu yatsopano idali £155.65 pa sabata, ndipo mu April 2025 idafika £230.25. Amene adasamukira ku Cape Town mu 2016 adatsalira pa £155.65 pomwepo, pamene mitengo ya zinthu sidamudikire. Onjezani apo ndalama ya inshulansi ya chipatala, yomwe imalemera kwambiri kwa munthu woyamba atakula. Sindikufunanso kutchula zambiri za May 2008, pamene anthu oposa 60 adaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, kapena za 2015 pamene boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Mudzati izo zimachitikira osauka a m'makomboni. Chabwino, koma pamzere wa ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka tonse timakhala alendo ofanana.

Ndikudziwa zomwe mundiyankhe. Muti kwathu nako kuli chiyani? Funso limeneli ndi labwino, ndipo sindikunamizani. Penshoni ya Britain imauma ku Malawi chimodzimodzi. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adasintha mapaundi ake onse nkuwasunga mu kwacha adalira ngati bambo anga. Munthu wodwala impso kapena mtima amavutika kupeza chithandizo, ndipo mukasamuka ku Britain chithandizo chaulere cha NHS sichikutsatani chifukwa chimayendera komwe munthu akukhala. Abale ena adadya ndalama za simenti, ndipo tonse tikudziwa nyumba zomwe zidathera pa maziko. Zonsezi nzoona. Koma ku Malawi palibe adzakufunseni chitupa kuti mugone m'nyumba mwanu. Palibe abwana amene akakuchotsani ntchito mumapatsidwa masiku oti mutuluke m'dziko. Mukadwala sitiroko pamakhala wina wokutembenuzani pamphasa amene mumalankhula naye chinenero chimodzi. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo ndaona anthu amene adaphunzira Chingerezi atakula akuchiiwala ubongo ukayamba kufooka, nkubwerera ku chilankhulo cha mayi awo. Amaitana usiku wonse popanda womva chomwe akupempha.

Ena muti ana anu ali ku Perth kapena ku Toronto, mukufuna kukhala pafupi ndi zidzukulu. Ichi ndiye chifukwa chokhacho chomwe ndimachilemekeza. Komabe funsani kaye kuti viza ya makolo imatenga zaka zingati, imadya ndalama zingati, ndipo mukadwala musanailandire adzalipira ndani. Funsaninso ana anuwo ngati iwo akhazikika, chifukwa ana a masiku ano amasamuka ngati mbalame. Mungagulitse nyumba ku Leeds kutsatira mwana, chaka chamawa iye nkupeza ntchito ku Qatar.

Ena muti ine ndine wamantha, makolo athu sadaope kuyenda. Inde sadaope. Adapita ku Joni pa Wenela mpaka ndege idagwa ku Francistown mu 1974 nkupha anthu athu oposa 70, Kamuzu nkuletsa ulendowo. Adapitanso pa Theba mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndipo kwa zaka zambirimbiri takhala tikuona madala amenewa akusonkhana m'maboma ndi timapepala tawo tong'ambika, kufunsa za ndalama zomwe adadulidwa kumigodi. Adayenda ali anyamata, opanda sukulu, opanda womasulira kontrakiti. Ife tili ndi madigiri ndi intaneti m'thumba. Iwo tingawakhululukire. Ife tikagwa m'mbuna yomweyo, nzeru zathu zidzakhala zatithandiza chiyani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chomwe chimandipweteka nchakuti timasankha dziko ngati tikusankha malo a tchuthi. Timaona dzuwa, nyanja ndi malipiro a pamwezi. Sitifunsa mafunso atatu amene ali ofunika: kodi lamulo la dzikolo lidzandilola kukhala ndikasiya kugwira ntchito? Kodi penshoni yanga idzandipeza kumeneko, ndipo idzakwera kapena idzauma? Kodi tsiku lomwe ndidzalephere kusamba ndekha adzandisambitsa ndani, ndipo adzalipira ndani? Wolemba anthu ntchito sadzakuyankhani mafunso amenewa chifukwa iye amadya mukasaina. Mnzanu amene adatsogola sadzakuuzani zoona chifukwa nayenso akuchita manyazi.

Ine ndachita izi. Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi itavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, ndidakonza mapepala anga kuti makomo onse awiri akhale otsegula, la kuno ndi la kwathu. Ndidaitanitsa mbiri yanga ya National Insurance nkuwerenga zaka zomwe ndili nazo. Ndikumanga kanyumba ka zipinda zitatu mtauni, pafupi ndi chipatala, kopanda masitepe. Ndalama yanga sindidzaiika yonse m'thumba limodzi kapena mu ndalama ya dziko limodzi. Mwina ndidzakalambira kuno, mwina kwathu. Ndidzaona thupi likadzalankhula. Koma kukayambanso moyo kudziko lachitatu ndili ndi zaka 60, kukaima pamzere wa viza ndi mankhwala a BP m'chikwama, ayi ndithu.

Achinyamata a zaka 25 kapena 30, mawu awa si anu. Pitani komwe mukufuna, muli ndi nthawi yolakwitsa ndi kukonza. Koma inu anzanga a imvi, musanagulitse nyumba kapena kulemba kalata yosiya ntchito, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, pepala ndi cholembera, muyankhe mafunso atatu aja. Pa msonkhano wotsatira ndidzabwera ndi chitupa cha bambo anga chija cholembedwa kuti mlendo. Amene mukufuna mudzachigwire ndi manja anu, kenaka tidzakambirane za Dubai.