Gudumu la m'sitolo kapena lomangidwa ndi mfundi?

Kuyambira 1970, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu Kafue, njinga ndiyo yakhala ikufikitsa anchito ambiri a ku Shikoswe ndi Zambia Compound pa cipata nthawi isanakwane. Njinga yomweyo pa Ciweru imasenza thumba la feteleza la makilogramu 50 kapena matumba a makala. Gudumu la kumbuyo likapindika, mwini wace ataya nchito ya tsikulo, ndipo afunika kusankha pakati pa kugula gudumu lathunthu la ku fakitale ndi kupita kwa mfundi kuti ammangire lina ndi manja.

La ku fakitale ndi lochipa ndipo munthu alikwera tsiku lomwelo. Koma pa magudumu ochipa makina kawiri-kawiri amanga masipoko mosalingana, ena olimba, ena olobodoka. Sipoko yolobodoka imamasuka ndi kukokedwanso nthawi iri yonse gudumu likazungulira ndi katundu, mpaka itathyoka pa khosi pamene ikowa mu habu. Imodzi ikathyoka, zinzace zitsala ndi mtolo wace, rimu iyamba kukhula mabuleki, ndipo posakhalitsa yaciwiri itsatira.

Mfundi wodziwa nchito amanga pang'ono-pang'ono, kuzungulira gudumu kangapo, kenaka afinya masipoko awiri-awiri ndi manja kuti akhazikike, nabwereza kumanga. Ici cidya maola ndi ndalama. Komanso si yense wokhala pansi pa mtengo ndi sipanala amene ali mfundi. Wina angoongola rimu kuti ioneke bwino m'maso, masipoko ali osalingana, ndipo gudumu lotere liposedwa ndi la makina. Mwini njinga angathe kuyesa yekha: akhwasule sipoko iri yonse ndi cala monga nsambo ya banjo. Za mbali imodzi ziyenera kulira mofanana. Yolira mogonthera ndi yolobodoka.

Njinga za mjaho zimene anyamata akonda masiku ano ziri ndi masipoko 20 kapena 24 okha. Zithamanga ndithu pa tala ya ku Lusaka, koma sizinapangidwire thumba la feteleza kapena maenje a m'komboni, ndipo masipoko ace asowa m'masitolo ang'ono. Njinga zakale za mainchi 28 zinali ndi masipoko 36, zina 40 kumbuyo, cifukwa kumbuyo ndiko kukhala kulemera kwa munthu ndi katundu.

Gudumu la kutsogolo la ku fakitale likwanira, malinga mwini alipereke kwa mfundi kuti alimangenso patapita masabata awiri kapena atatu. La kumbuyo ndilo liyenera ndalama ya mfundi: masipoko 36 onenepa, rimu yatsopano, ndi habu yakale ngati ikali yabwino. Agulenso masipoko anai apadera a utali womwewo, awamangirire ku feremu.