Biliyoni si miliyoni yonenepa

Akuluakulu akaima pa msonkhano n'kunena kuti "tapereka K1 biliyoni," ife timangowomba m'manja, amayi nthungululu lililili. Koma funsani amene waima pafupi nanu kuti biliyoniyo ili ndi maziro angati, muona akukanda mutu. Ambirife timayesa kuti ndi miliyoni yomwe ija koma yonenepako pang'ono. Ayi ndithu.

Biliyoni imalembedwa 1,000,000,000, maziro 9. Ndi mamiliyoni 1,000. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi, osadya, osagona, miliyoni mungaimalize m'masiku 11 ndi theka. Biliyoni ingakutengereni zaka 31 ndi miyezi 8. Munthu amene akadayamba kuwerenga pa 6 July 1964, tsiku la ufulu, akadamaliza mu 1996, a Kamuzu atatsika kale pampando, iye akadali pakapaka kuwerenga.

Ine chimandisangalatsa n'chakuti chinambala chonsechi n'chomangidwa ndi tinjerwa tiwiri tokha, 2 ndi 5. Chulukitsani ma 2 okwana 9 ndi ma 5 okwana 9, basi biliyoni yakwana. N'chifukwa chake manambala amene amaigawa popanda chotsala alipo 100 ndendende, ndipo 3 palibepo. Tsono mbava zitatu zitaba K1 biliyoni sizingagawane mofanana, patsala K1 yoti zimenyanirane. Zikakhala 7 patsala K6. Koma zikakhala 2, 4, 5, 8 kapena 10 zigawana mwamtendere, wina osadandaula. Kaya n'chifukwa chake makomiti ena amakonda kukhala a anthu 10, ine ndangodutsamo.

Ilinso 1,000 kuchulukitsa 1,000 kuchulukitsanso 1,000, koma palibe nambala yathunthu imene mungaichulukitse ndi iyo yomwe kamodzi n'kupeza biliyoni. 31,622 iperewera, 31,623 ipitirira. Mnansi wake 1,000,000,007 ndiye wouma mtima: sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iye mwini. Manambala oterewa akumasamu amati prime.

Ngakhale dzina lakelo lili ndi msampha. Ku Britain kale biliyoni inkatanthauza mamiliyoni miliyoni, maziro 12, mpaka mu 1974 pamene boma la Harold Wilson lidayamba kutsata kawerengedwe ka ku America. Ku Portugal akadali pa kawerengedwe kakaleko, ndiye mukamamva za ngongole muzifunsa kuti biliyoni yake ya kuti.

Paja mu 2013 pa nkhani ya Cashgate tidamva za mabiliyoni osowa ku Capital Hill, ndalama zina zikupezeka m'mabuti a galimoto. K1 biliyoni m'mapepala a K5,000 ndi mapepala 200,000, mitolo 2,000 ya mapepala 100. Nthawi imeneyo pepala lalikulu linali K1,000, kutanthauza mapepala miliyoni yathunthu pa biliyoni iliyonse. Abale, zimenezo munthu sapisa m'thumba la jekete.

Komanso isakuopseni kwambiri ikatchulidwa pa nsanja. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo 17.5 miliyoni. Atati aigawe K1 biliyoni ija kwa anthu amenewo, aliyense alandira K57.